Chitsulo Chozizira cha a Gavril

Amene anayamba kundiuza nkhani iyi ndi malemu Veturia, mnzanga wa mumdadada wathu kuno ku Barlad, uja ankagwira ntchito ku positi asanapume. Zina ndinaziona ndi maso anga, ndipo zina, Mulungu andikhululukire, ndinaziyambitsa ndi pakamwa panga. Koma za m'makalatamo ndinazimva kwa iye. Ine Paraschiva kusukulu sindinapondeko, moyo wanga wonse ndakhala ndikusesa masitepe a nyumba zosanjazi, koma khutu langa likamva chinthu kawiri silitayanso. Veturia ndiye ankawawerengera a Gavril makalata, chifukwa maso awo anali atatha ndi moto wowotcherera zitsulo ku fakitale. Ndiyenso ankawalembera mayankho, poyamba ndi pensulo, kenako n'kukopera bwino, ndipo za pensulozo ankasunga.

A Gavril mkazi wawo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekha, Otilia, anapita ku Torino, mzinda wa ku Italy, ndi mwamuna wake Toader opanda mapepala, ndiye akanati abwere kudzaona kwawo sakanalowanso. Anasiya kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka, dzina lake Ilinca, m'manja mwa agogo akewo. Lamya a Gavril analibe. Makalata ankayenda ndi dalaivala wa minibasi yonyamula katundu wa anthu athu a ku Italy, ndipo ankafika tsiku limene minibasiyo yafuna.

Pakati pa midadada yathu pali bwalo la ana. Pali mchenga, akatungwe awiri, benchi yathu ife azimayi okalamba, ndi chitsulo chotsetserekapo ana, chimene a Gavril anawotcherera okha Otilia ali wakhanda.

Torino, 8 Okutobala 2000

Atate anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi Toader. Muli bwanji, maso aja akuyabwabe? Nanga Ilinca akudya, kapena akungofuna buledi wopaka jamu ngati kale? Ndiuzeni zonse, ngakhale zazing'ono, mawu amene wayamba kunena, mano, chilichonse.

Ife tili bwino. Toader akunyamula matope kwa omanga nyumba. Ine ndikulera mwana wa adona ena, kamtsikana ka msinkhu wa Ilinca. Tsiku lililonse ndimapita nako kubwalo la ana, ndipo ndikamakakankha pa katungwe ndimaima kumbuyo kwake dala, kuti kasandione nkhope.

Adonawo anandipatsa malamulo a pabwalo olembedwa papepala. Musakhumudwe Atate, ndakukoperani. Mwana asatalikirane nanu kuposa pamene dzanja lanu lingafike. Pokwera chotsetserekapo muzimuvula mpango wa m'khosi ndi chipewa cha zingwe chija, chifukwa chingwe chikakola chimamanga khosi. Azitsika atakhala pansi, miyendo kutsogolo, ndipo azidikira kuti mnzake achoke kaye pansipo. Asadutse kutsogolo kwa katungwe wina ali pamenepo. Mchenga muziyamba mwaufufuza, kwathu kuja mabotolo osweka ndi zonyansa za agalu sizisowa. Akalanda chidole cha mnzake musamumenye, ingomugwirani dzanja akabweze yekha. Nthawi yopita kunyumba musamangomunyamula mwadzidzidzi, muzimuuza kuti kwatsala katatu, n'kuwerenga naye. Kuno zimathandiza, salira.

Ndikunena zonsezi chifukwa mukudziwa za apongozi anga, mayi Safta. Mpaka lero amati mwamuna yekha sangalere mtsikana. Toader anavomera kuti mwana atsale ndi inu chifukwa ndinalira masiku atatu, koma anati pakangochitika kanthu kamodzi, Ilinca apita kumudzi kwa amayi ake. Kumapiri kuja ndi ulendo wa tsiku lathunthu, Atate, simungamamuonenso.

M'katundu muli nsapato zake za nyengo yozizira. Ndiyankheni msanga.

Ndine mwana wanu,
Otilia

Barlad, 22 Okutobala 2000

Otilia mwana wanga,

Moni. Ife kuno tili moyo, maso ndi omwe aja, amaona chimene akufuna. Katundu wafika, nsapato zamukwana, akufuna kugona nazo. Wayamba kunena kuti "ndekha". Supuni ndekha, masitepe ndekha, batani ndekha. Ndiwe ndithu.

Pepala lako la malamulo Veturia wandiwerengera katatu, kachitatuko akuseka. Ndiye kuti ku Italy mwana amasewera ndi chiphaso ngati woyendetsa sitima? Iwe unakulira pa chitsulo chomwechi, unkatsika chamutu, tsiku lina unatsika ndi mphaka m'manja, ndipo taona, mutu ulipo, mpaka ukutha kulembera atate ako malamulo. Chitsulo chija chilibe pakuthwa ngakhale pamodzi, ndachipaka penti wobiriwira mwezi wathawu.

Koma usadandaule. Pepalalo ndalimata pachitseko ndipo ndikulitsata lonse. Mchenga ndimausefa ndi sefa ya malemu amayi ako, azimayi a pabenchi amati ndikufuna golide. Za kuwerenga katatu zija zikuthekadi, kungoti Ilinca amawerenga kuti kamodzi, kamodzi, kamodzi. Mayi Safta adikira mpaka atope.

Kodi adonawo akukudyetsa?

Atate ako,
Gavril

Ankalitsatadi, ndine mboni. Mwana akayenda masitepe awiri, iwo ali pambuyo, dzanja lili m'mwamba ngati akupempha kuyankhula pamsonkhano.

Novembala atalowa kunazizira molawirira. Kwathu kuno aliyense amadziwa, kapena tinkati timadziwa, kuti mtsikana sakhala pa chinthu chozizira, kaya mwala, kaya simenti, kaya chitsulo. Chisanu chimalowa m'mimba, akakula osabereka. Amayi anga anandiuza choncho, nawonso anauzidwa ndi amayi awo. Ife eni ake pabenchi paja tinkakhalira makatoni. Ndiye tsiku lina tikuona a Gavril akumuvula mwana mpango, n'kumukhazika pachitsulo choti ukachigwira chala chimawawa. Azimayi anayamba kung'ung'udza, koma wotsegula pakamwa ndinali ine, monga mwa nthawi zonse.

"A Gavril, mukufuna mtundu wanu uthere pa mwana ameneyu? Ku Italy kuli dzuwa, asamakunamizeni ndi pepala. Mayi Safta akamva kuti mdzukulu wawo akukhala pachitsulo mu Novembala, afika ndi basi yoyamba."

Iwo anaseka, anati mayi Paraschiva inu sesani masitepe, za zitsulo musiyire eni ake. Koma ndinaona kuti dzina la mayi Safta lawalowa.

Mawa lake mwana analira kufuna kutsetsereka, ndipo iwo anapeza njira yoti asalakwire aliyense. Pepala linkati dzanja lisatalikire, ife tinkati asakhale pachitsulo. Ndiye anakwera okha makwerero, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, mawondo akulira, n'kukhala pachitsulopo mwana ali pamiyendo pawo. Tonse tinawaombera m'manja. Ine ndinawauza kuti tsopano ayamba kuganiza ngati mzimayi. Anatsika choncho masiku anayi, mwana akuseka mpaka kutsamwa. Tsiku lachisanu nsapato yatsopano ija, ya mphira pansi, inagwira m'mbali mwa chitsulo. Phazi linaima, koma thupi la agogo kumbuyo linapitirira. Kulira kunabwera pambuyo. Choyamba ndinamva kaphokoso ngati munthu wathyola kaloti.

Kuchipatala anati fupa la pansi pa bondo lathyoka, ndipo anamuika chikhakha kuyambira pantchafu mpaka kuphazi.

Veturia anandiuza kuti a Gavril ankafuna alembe kuti mwana akuthamangathamanga. Iye anakana, anati dzanja lake silinalembepo bodza. Anagwirizana kulemba zoona zokhazokha, koma zosankha.

Barlad, 19 Novembala 2000

Otilia,

Moni. Tili moyo. Ilinca akudya bwino. Kwazizira, masiku ano sitikutuluka. Kalata yako sinafike masabata awiri ano.

Gavril

Kalata ya Otilia inalipo, koma minibasi inali itawonongekera ku Hungary, ndipo dalaivala anakhala kumeneko kudikira chitsulo china cha injini. Inafika pa 3 Disembala. Tamvani tsiku limene inalembedwa.

Torino, 5 Novembala 2000

Atate anga okondedwa,

Moni kwa inu ndi kwa mayi "ndekha". Kalata yanu ndaiwerenga mu basi, ndinaseka anthu mpaka kundicheukira. Mphaka uja ndikumukumbukira, anandikanda apa pachibwano. Kodi mwana akutsokomola? Nanga inu mankhwala a maso mukudontheza?

Ndalemba msanga chifukwa pali lamulo lina limene silinali papepala, ndaliphunzira dzulo ndi manyazi. Kamtsikana ka adona kanachita mantha pamwamba pa chotsetserekapo, ndiye ndinakwera, n'kukakhazika pamiyendo panga kuti titsikire limodzi. Adona anali akuchokera kuntchito, anandiona. Anandikoka mkono pamaso pa anthu onse, akukalipa, ndinaganiza kuti ntchito yatha. Titafika kunyumba anandifotokozera mofatsa. Mchimwene wawo ndi dokotala wa mafupa, ndipo akuti ana otere amawaona mwezi uliwonse. Nsapato imagwira m'mbali, wamkulu kumbuyo ndi wolemera, mwendo umathyoka. Mwana akakhala yekha phazi limangomasuka. Anthu amaganiza kuti akumuteteza.

Ndikudziwa kuti inu simungakwere pamenepo ndi mawondo anu aja, ndikungonena kuti mulembe pansi pa pepala lija. Mumuuzenso wina aliyense pabwalopo.

Mupsompsoneni m'mutu.
Otilia

Veturia akuti analekeza pakati kuwerenga, koma a Gavril anamuuza kuti amalize. Atamaliza, iwo anafunsa tsiku la kalatayo, n'kuwerenga pa zala. Masiku asanu ndi anayi mwendo usanathyoke. Kuyambira pamenepo Veturia akakwera ndi pensulo, ankamuuza kuti lero ayi.

Torino, 17 Disembala 2000

Atate,

Moni. Kodi mukudwala? Kuyambira kakalata ka mizere itatu kaja sindinalandire kanthu. Dalaivala akuti anagogoda, munalandirira katundu pakhomo, simunamulowetse.

Ndaganiza kwambiri ndipo ndikudziwa chimene chachitika. Ndakukhumudwitsani. Munandilera nokha amayi atamwalira, munkandiluka tsitsi molakwika koma munkandiluka, ndiye lero ine ndikukutumizirani malamulo a anthu achilendo ngati ndinu wantchito. Ndiponso ndinaseka mawondo anu. Pepani Atate. Ng'ambani pepala lija ngati likukupwetekani. Palibe munthu padziko pano amene ndingamukhulupirire ndi Ilinca kuposa inu, ndipo Toader ndimamuuza zomwezi tsiku lililonse.

Ndikupempha chinthu chimodzi cha Khirisimasi. Mupeze wojambula, amujambule ataima pafupi ndi chitsulo chanu chobiriwira, atavala nsapato zija. Ndikufuna ndione kutalika kwake.

Musandilange pokhala chete.
Otilia

Khirisimasi inadutsa. Ine ndinkakwera ndi msuzi wa nkhuku, ankalandira, ankathokoza, osandiyang'ana. Sanandinenepo ngakhale kamodzi. Bola akananditukwana.

Barlad, 14 Januwale 2001

Otilia mwana wanga,

Moni. Sindikudwala ndipo sunandikhumudwitse. Khala pansi.

Pa 14 Novembala ndinathyola mwendo wa Ilinca. Ndinamukhazika pamiyendo panga pachitsulo chija kuopa kuti angazizidwe m'mimba, nsapato inagwira, ndipo zinachitika monga mmene unalembera. Kalata yako inafika zitachitika kale. Sindikunamizira dalaivala kapena munthu wina aliyense. Chitsulo ndinapanga ndine, wokwera ndinali ine, wolemera ndinali ine.

Chikhakha anachotsa sabata yatha. Dokotala akuti fupa lalumikizana bwino, sadzatsimphina. Koma sakufuna kuponda pansi, amakwawa ngati kale. Mawu aja akuti "ndekha" anasiya. Ndipo pali china chimene sindinauze dokotala. Ndikamunyamula salira, koma ndikangoti ndimukhazike pamiyendo panga, thupi lonse limauma ngati thabwa, amagwira mwendo wake ndi manja awiri. Ndimamudyetsa ali pampando, ine nditagwada.

Ndinakubisira miyezi iwiri chifukwa ndinkaopa kumutaya. Chimenecho ndi cholakwa chachiwiri, ndipo ndi chachikulu kuposa choyamba. Toader ananena kuti kanthu kamodzi. Zakwana ziwiri. Unene iwe chochita, ndidzachita. Ndidikira yankho lako.

Atate ako,
Gavril

Anadikira. Sabata yoyamba minibasi inabwera yopanda kalata, yachiwiri sinabwere n'komwe, misewu ya kumapiri inali itatsekeka ndi chipale chofewa. Ife tinkawauza kuti ndi nyengo, iwo ankati mwana wawo amamudziwa, akakwiya kwambiri ndi pamene amakhala chete. Sabata yachinayi anaitana Veturia, n'kulembera mayi Safta mizere isanu, kunena zonse, ndi kuwapempha kuti abwere adzatenge mdzukulu wawo.

Mayi Safta anafika Lachisanu masana, ndi chikwama cha tchizi ndi mazira okulunga m'nyuzipepala. Ine ndinali pamasitepe ndi tsache langa, dala. Ndinkayembekezera mkango, koma kanali kamayi kakafupi, kotopa ndi ulendo. Sanakalipe. Anangowayang'ana a Gavril n'kunena kuti asewere, mwaonda. Atalowa, chitseko chili chosatseka, anakhala pampando wa pakhitchini, ndipo Ilinca anakwawa, n'kugwira siketi yawo, n'kukwera pamiyendo pawo yekha, kuseweretsa mabatani a juzi. A Gavril anaima pakhomo la khitchini, anaona, kenako anati akukagula buledi.

Pansi anakumana ndi minibasi. Dalaivala anawapatsa kalata, ndipo Veturia anawawerengera pabenchi pathu pomwepo, ine ndili pambali.

Torino, 28 Januwale 2001

Atate anga, Atate anga,

Moni, ndipo musadikire kumapeto kuti mumve yankho. Mwana akhale ndi inu.

Ndinawerenga kalata yanu m'bafa la adona, madzi nditatsegula kuti asandimve. Tsiku loyamba ndinakwiya, sindikunama. Tsiku lachiwiri ndinakumbukira kuti inenso ndinakwera ndi mwana wa eni ake pamiyendo, kungoti ine wondikoka mkono analipo. Nsapatozo ndinagula ndine. Tikayamba kugawana mlandu sititha.

Toader sindinamuuze ndipo sindimuuza mpaka mwana atayenda. Apongozi asamve. Zouma thupi zija zidzatha, adona akuti musamukakamize, muzingokhala pansi pafupi naye, adzabwera yekha. Kukafunda mubwerere naye pabwalo, atsike yekha, inu mudikire pansi ndi manja.

Musadzandibisirenso kanthu. Idyani. Ndilembereni tsiku limene aponde pansi.

Mwana wanu,
Otilia

Veturia atamaliza, ine ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza kuti akwere nayo kalatayo akawaonetse mayi Safta, mayi wa mwana wanena, wina anganenenso chiyani. Ndinati ndikwera nawo, ndikanene ndekha kuti pakamwa panga ndi pamene panayambira zonse. Veturia naye anati Toader akalusa adzalusa, koma mwana ali ndi amayi ake omuyankhulira.

A Gavril anapinda kalatayo kanayi, n'kuika m'thumba la mkati. Anati mayi Safta adziwa kale, ndiye Toader adziwa sabata yamawa, ndipo iwo akakakamira kusunga mwana, Otilia ndi amene adzakhale pakati pa atate ake ndi mwamuna wake, m'dziko la eni, m'chipinda chimodzi. Kenako ananditembenukira, ndipo kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichitikire ngozi ija.

"Mayi Paraschiva, munaona mmene wakwerera pamiyendo pawo. Miyezi itatu ndakhala pansi pafupi naye."

Anapita kukagula buledi uja.

M'mawa mwake ndinawaperekeza kokwerera basi. Mayi Safta ananyamula mwana, a Gavril ananyamula zikwama. Za kalata sanatchule, nanenso ndinatseka pakamwa, mochedwa. Panjira ankawauza mayi Safta zinthu zazing'ono, kuti mkaka amamwa wofunda pang'ono, kuti akalanda chidole asamumenye, kuti pomuchotsa pamasewera aziyamba awerenga naye katatu. Mayi Safta ankangoti ndamva asewere, ndamva, ndipo pokwera anawauza kuti pa Isitala abwere, malo ogona alipo. Ilinca anakhala pawindo pamiyendo ya agogo ake aakazi. Sanalire. Ankamenya galasi ndi chikhatho, kuwalozera mpando wopanda munthu umene unali pambali pake.

Basi itakhota pa tchalitchi, a Gavril anaimabe, manja ali m'matumba. Ndinawagwira mkono kuti tizipita, kunali mphepo. Tinayenda mpaka pabwalo la ana. Panalibe mwana aliyense, chipale chinali chitakwirira mchenga wonse. Anaima pang'ono, kenako anati:

"Kumudzi kuja kulibe chotsetserekapo. Kuli udzu wokhawokha."

Anakwera masitepe, ndipo ndinamva akugogoda kwa Veturia kuti abwere ndi pensulo.